Mpando wa Kumanja

Kwathu ndi kwa Lundu, m'boma la Chikwawa, kufupi ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo. Aliyense amene anafikako m'mwezi wa Okutobala amadziwa kuti kumeneko dzuwa silisewera. Nthaka imawotcha kumapazi, mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe, ndipo usiku anthu amayala mphasa panja podikira kamphepo kochokera ku Shire. M'dera lotenthali ndi mmene tinakulira ine ndi achimwene anga, amene ndikufuna kukamba nkhani yawo. Iwo ndi oyamba kubadwa, ine ndine wotsiriza, ndipo pakati pathu pali zaka 11.

Amayi amakonda kunena kuti achimwene anayamba kuyang'ana kumwamba asanadziwe n'komwe kumanga kabudula. Nyengo zina kunkabwera kandege kopopera mankhwala m'minda ya nzimbe. Kankauluka m'munsi kwambiri, n'kutembenuka kumapeto kwa munda ngati namzeze. Tsiku lina achimwene ali kubusa anakayang'anitsitsa kandegeko mpaka ng'ombe zinalowa m'munda wa thonje wa eni ake. Mlandu unakafika kwa anyakwawa, ndipo bambo athu analipira mbuzi. Mpaka lero iwo amati imeneyo ndiyo inali fizi yoyamba ya sukulu ya ndege.

Fizi yeniyeni inadzabwera pambuyo pake, ndipo inali yowawa. Achimwene atakhoza bwino mayeso a Fomu 4, anakana kuganiza za ntchito ina iliyonse. Amalume athu amene amakhala ku Johannesburg anavomera kuwasunga, koma ndalama za maphunziro zinayenera kuchokera kumudzi. M'khola mwathu munali ng'ombe 20. Kuchigwa kuno ng'ombe ndiyo banki ya munthu: imalipira sukulu, imaperekeza maliro, imakoka ngolo. M'zaka zinayi bambo anagulitsa ng'ombe 16, imodziimodzi, ndipo amalume anaonjezera ndi ngongole. Achimwenewo masana ankaphunzira, usiku n'kumagwira ganyu m'lesitilanti. Ndalama zikatha ankaima, zikapezeka n'kuyambiranso, mpaka anakwanitsa maola 200 amene amafunika kuti munthu apatsidwe chiphaso choyendetsa ndege pa malipiro.

Ife kumudzi tinkaganiza kuti basi zatheka. Sitinkadziwa kuti chiphaso chimenechi ndi khomo chabe. Kuti munthu atenge chiphaso chachikulu, chimene chimamulola kudzakhala kaputeni wa ndege zonyamula anthu ambiri, amafunika maola 1,500. Maola amenewa sagulidwa pamsika, munthu amachita kuwatolera. N'chifukwa chake mu 2017 achimwene anapita ku Maun, m'dziko la Botswana, kumene achinyamata ambiri a ntchitoyi amayambira. Kumeneko ankayendetsa tindege ta Cessna, kunyamula alendo okaona nyama m'dambo la Okavango ndi kutera pa timabwalo tafumbi, pamene nthawi zina umayamba wathamangitsa mbawala usanatere. Mu 2020 mliri wa Covid-19 utatseka malire, alendo analeka kubwera, ntchito inatha, ndipo anabwerera kumudzi kudzagwira khasu. Zinthu zitayambanso kuyenda anapeza ntchito yonga yomweyo ku Zambia, cha ku Mfuwe.

Mwayi wa ntchito imeneyi kwathu kuno ndi wochepa. Air Malawi, imene inayamba mu 1964, inatsekedwa mu 2013, ndipo kampani imene inalowa m'malo mwake mu 2014 mothandizana ndi Ethiopian Airlines inayamba ndi ndege zowerengeka. Choncho Mmalawi wofuna kukwera pa ntchitoyi amayang'ananso kunja. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu 2024, maola atakwana, achimwene analembera kampani ina yaikulu ya kunja, imene sindiitchula dzina, ndipo anaitanidwa ku mayeso. Tsiku limene ananyamuka amayi anapha nkhuku, abusa anabwera kudzapemphera, ndipo bambo anavala jekete ngakhale kunali kotentha.

Patapita milungu iwiri yankho linabwera pa foni yawo. Linali la mizere itatu yokha. Anawathokoza chifukwa chobwera, anawauza kuti ulendo uno sanapambane, ndi kuti akhoza kudzalemberanso pakatha miyezi 12.

Kumudzi nkhani siyenda pansi, imauluka. Posakhalitsa ku chigayo ndi ku mjigo anthu anali kunena kuti ng'ombe za akulu aja zinakwera ndege osabwerera. Wina anauza amayi kuti pali amene anawatsekera mwana wawo njira, ndipo anawalozera kwa sing'anga wina wa kutsidya kwa Shire. Mnyamata wina wamwano anafunsa ngati sikukanakhala kwapafupi kungophunzira kuulutsa lichero usiku, poti ndege imeneyo safunsa chiphaso. Bambo sankayankha. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana khola limene linatsala ndi ng'ombe zinayi ndi ana ake.

Achimwene sanafotokozere aliyense chimene chinachitika. Anabwerera ku ntchito yawo ku Zambia, ndipo pa foni ankangoti, "Zinakanika basi." Ndinadzamva zonse pa tchuthi cha Khirisimasi. Nthawi ya dzinja malo ambiri ogona alendo ku Luangwa amatsekedwa chifukwa misewu imadzadza madzi, motero iwo anali kumudzi, ine ndinali nditangobwera kuchokera ku koleji. Usiku wina magetsi a foni atatithera, tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinalimba mtima n'kufunsa.

"Achimwene, kodi mayeso aja anali ovuta chotani?"

Anaseka pang'ono. "Mlongo wanga, zovuta zonse ndinakhoza. Ndinagwa pa chinthu chimene amayi anandiphunzitsa bwino kwambiri."

Anandifotokozera kuti mayeso anali a masiku atatu. Tsiku loyamba analemba za nyengo, za malamulo a mumlengalenga ndi za mmene ndege imagwirira ntchito. Funso lina linali loti n'chifukwa chiyani ndege imafuna msewu wautali ponyamuka kukatentha. Iwo anati anamwetulira, chifukwa mwana wa ku Nchalo sangalephere funso la kutentha: mpweya wotentha umapepuka, choncho mapiko ndi injini sizipeza pogwira mokwanira. Tsiku lachiwiri anawalowetsa mu simuleta, makina amene m'kati mwake amafanana ndendende ndi chipinda cha oyendetsa ndege, ndipo amagwedezeka ngati ndege yeniyeni. M'chipinda chimenechi muli mipando iwiri. Wa kumanzere ndi wa kaputeni, wa kumanja ndi wa womuthandiza. Achimwene anakhala kumanja. Kumanzere kunakhala kaputeni wachikulire wa imvi, amene anali atayendetsa ndege kuyambira achimwene asanabadwe.

Chigawo choyamba anayendetsa okha, ndipo zinayenda bwino. Kenaka kaputeni uja anati, "Tsopano ndiyendetsa ndine, iwe uziyang'anira." Poyandikira bwalo, achimwene anaona kuti ndege ikuthamanga kuposa muyeso, ndiponso ili pamwamba kuposa pamene iyenera kukhala. Pali lamulo lodziwika pa ntchitoyi: ndege ikafika mafiti 1,000 kuchokera pansi muli m'mitambo, kapena mafiti 500 kunja kukuoneka bwino, iyenera kukhala itakhazikika pa liwiro ndi pa njira yake. Ngati sinakhazikike, simukakamiza kutera. Mumaonjezera moto, n'kubwerera m'mwamba, kuzungulira, n'kudzayesanso. Ndipo mawu olamula kuti mubwerere m'mwamba akhoza kunenedwa ndi aliyense mwa awiriwo, wamkulu kapena wamng'ono.

"Ndiye munanena?" ndinafunsa.

"Ndinanena kuti, 'Akaputeni, mwina tathamangako pang'ono.' Iwo anati, 'Zili bwino.' Ndinayang'ananso mawotchi, n'kunena kuti, 'Kapena tikanachepetsako liwiro.' Sanayankhe. Mumtima ndinati munthu wa imvi zotere akudziwa chimene akuchita, ndine yani ine? Tinatera pakati pa msewu, n'kukaima chakumapeto kwenikweni. Atazimitsa makina anandiyang'ana n'kundifunsa kuti, 'Unaona kuti ndalakwitsa?' Ndinati inde. Anati, 'Ndinachita dala. Kumbuyoku kukanakhala anthu 300, ukanawauza chiyani abale awo? Kuti unandilemekeza?'"

Tsiku lachitatu anakaonekera pamaso pa gulu la ofunsa mafunso, koma anadziwa kale kuti zatha.

Usiku umenewo sindinagone msanga. Ndinaganiza za mmene tinaleredwera. Kwathu mwana salankhula ndi wamkulu ataimirira. Sumuyang'ana m'maso. Kubwalo la anyakwawa munthu amayamba waomba m'manja, ndipo mawu ake amadzera mwa nduna. Chinenero chathu chomwe chinamangidwa motero. Munthu mmodzi timamutchula ngati ambiri: "abwera", "mwadzuka bwanji", "khalani". Tikafuna kukonza wamkulu sitinena kuti walakwa. Timazungulira ndi "mwina", "kapena", "ngati n'kotheka", "mukanatere". Timaphunzitsidwa kuti mawu a akulu akoma akagonera. Achimwene analankhula Chingerezi mu simuleta muja, koma mawuwo anali atavala zovala za kwa Lundu. Kaputeni wa kwathu kuno mwina akanamva kuti "mwina tathamangako pang'ono" ndi chenjezo lalikulu. Kaputeni wa kwina anamva ngati ndemanga ya nyengo.

Achimwene anandiuza kuti nkhani imeneyi ndi yakale pa ntchito yawo, ndipo si ya Amalawi okha. Pa 27 Malichi 1977, pa chilumba cha Tenerife, ndege ziwiri zazikulu za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinawombana pa msewu wa bwalo la ndege kuli nkhungu, ndipo anthu 583 anafa. Kaputeni wa ndege ya KLM, yemwe anali mphunzitsi wamkulu wa oyendetsa ndege pa kampaniyo, anayamba kunyamuka asanalandire chilolezo chenicheni. Injiniya amene anali naye m'chipindamo anakayikira, n'kufunsa ngati ndege inayo inali itachoka pa msewu. Kaputeni anayankha motsimikiza kuti yachoka, ndipo panalibe amene anapitiriza kutsutsa. Ngozi imeneyi ndi zina zonga iyo ndizo zinachititsa kuti makampani ayambe kuphunzitsa oyendetsa ndege kugwira ntchito ngati gulu, kuti wa mpando wa kumanja asamangokhala mboni. Pambuyo pake bungwe loona za maulendo a pandege pa dziko lonse la ICAO linakhazikitsanso muyeso wa Chingerezi wa magawo 6, ndipo woyendetsa ndege zopita m'maiko ena ayenera kufika gawo 4. Achimwene anali nalo gawo limenelo, ndi kupitirira. Vuto silinali galamala.

Apa ndi pamene maphunziro anga anagwira ntchito koyamba kunja kwa kalasi. Chaka chimenecho tinali titaphunzira za ulemu m'chinenero, ndipo aphunzitsi anatifotokozera maganizo a Penelope Brown ndi Stephen Levinson, amene buku lawo linatuluka mu 1987. Iwo anaonetsa kuti anthu a zinenero zosiyanasiyana amazungulira mawu pofuna kuteteza nkhope ya mnzawo, makamaka ngati mnzawoyo ndi wamkulu. Koma anaonetsanso kuti pakakhala ngozi yofulumira, anthu amasiya kuzungulirako n'kulankhula mosabisa, ndipo palibe amene amakwiya. M'kalasi ndinangolemba zimenezi kuti ndidzakhoze mayeso. Pansi pa mango paja ndinaziona ndi maso.

Ndinawafunsa achimwene kuti, "Tiyerekeze muli ku dooko ndi agogo, iwo akusamba, inu mwaona ng'ona ikubwera. Mudzaomba m'manja n'kunena kuti, 'Pepani agogo, ngati n'kotheka mwina mukanasunthako pang'ono'?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndidzakuwa kuti, 'Ng'ona!' n'kuwakoka mkono."

"Ndiye agogo adzakutengerani kubwalo kuti mwawachita chipongwe?"

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ndiye kuti mwambo wathu uli nazo kale. Ine ndi amene sindinazindikire kuti m'chipinda muja munali ng'ona."

Kuyambira tsiku lotsatira tinayamba sukulu yathu. Tinkaika mipando iwiri ya m'tchalitchi pansi pa mango. Ine ndinkakhala kumanzere ngati kaputeni, n'kumalakwitsa dala ndi nkhope yoopsa. Iwo ankatsata masitepe anayi amene amaphunzitsidwa pa ntchito yawo: choyamba kufunsa, chachiwiri kuchenjeza potchula chimene chalakwika, chachitatu kunena mosabisa choyenera kuchita, ndipo chachinayi, ngati winayo sakumva ndipo ngozi yayandikira, kulanda chiwongolero. Ana a m'mudzi ankatizungulira n'kumaseka. Koma tonse tinkadziwa kuti kundilamula ine, mwana amene anandibereka kumbuyo, si mayeso enieni.

Mayeso enieni anabwera okha m'mwezi wa Januwale. Kunagwa maliro a msuweni wa bambo kutsidya kwa mtsinje wa Mwanza. Bambo anamanga ng'ombe ziwiri pa ngolo, tinakweza thumba la ufa ndi mbuzi, ndipo tinanyamuka atatu m'mamawa. Mtsinje wa Mwanza nthawi zambiri umakhala mchenga wokhawokha, koma umachokera kumapiri, ndipo ukhoza kudzadza mwadzidzidzi ngakhale kuchigwa kusanagwe dontho. Titafika tinapeza madzi ofika m'mawondo. Ngolo ina inali itangowoloka kumene, ndipo eni ake anali kutikodola ali tsidya linalo. Achimwene anayang'ana kumtunda, kumene mitambo inali yakuda bii, n'kuyang'ananso madzi, amene anayamba kufiira ndi kubweretsa zinyalala.

"Ababa, mwawaona madziwa mtundu wake?" anafunsa.

"Mtsinje uwu ndinayamba kuwoloka iwe usanabadwe," anayankha bambo, akukweza chikwapu.

"Ababa, kumtunda kwagwa mvula yambiri. Madzi akukwera. Taonani chitsa chija, chamira."

Bambo anakuwira ng'ombe kuti zilowe.

"Ababa, imani. Sitiwoloka."

M'moyo wanga wonse ndinali ndisanamvepo munthu wa m'nyumba mwathu akulankhula choncho kwa bambo. Ng'ombe zinali zitaponda kale m'madzi. Achimwene analumpha, n'kukagwira chingwe cha pamphuno, n'kuzitembenuza. Sanakweze mawu, ndipo sanasiye kunena kuti "ababa". Anangoima pamenepo atagwira chingwe.

Ndikanakonda kulemba kuti nthawi yomweyo kunabwera chigumula chimene chikanatikokolola, koma sizinatero. Madzi anakwera pang'onopang'ono, ndipo panatha pafupifupi ola lathunthu asanafike poti ngolo singadutse. Mwina tikanawoloka bwinobwino. Chimene chinachitika n'chakuti tinabwerera, tinakafika ku maliro mawa lake anthu ataika kale, ndipo bambo anachita manyazi pamaso pa abale awo. Masiku awiri sanawalankhule achimwene. Amayi ankayenda monyang'ama m'nyumba ngati muli wodwala.

Tsiku lachitatu madzulo bambo anawaitana pakhonde. Ine ndinali kuseri, kusenda chinangwa mwadala pang'onopang'ono. Anawafunsa kuti awafotokozere bwinobwino chimene chinawagwetsa ku mayeso kuja, ndipo achimwene anafotokoza zonse. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Ndiye kuti ng'ombe zanga 16 zinaphunzitsa manja ako okha, pakamwa zinasiya. Kumtsinje kuja unandikwiyitsa. Koma ukanandisiya n'kulowa m'madzi uli ndi mantha mumtima, n'kukhala chete, pamenepo ndiye ukanandinyoza. Lemberanso."

Miyezi 12 itakwana achimwene sanathamangire kutumiza kalata. Anati kulembera kachiwiri ndi munthu yemweyo wa poyamba n'kungotaya nthawi ya anthu. Anasunga ndalama n'kukachita maphunziro afupiafupi a kayendetsedwe ka ndege ya anthu awiri, chifukwa zaka zonse za ku Maun ndi ku Mfuwe ankauluka okha, popanda wina womutsutsa kapena womumvera. Anaonjezera maola, anakayezetsanso thupi, ndipo anakonzekera funso limene ankadziwa kuti lidzabwera, loti n'chifukwa chiyani analephera poyamba. Anandiyesera mayankho angapo. Loyamba linali lodzikhululukira, lachiwiri linali lodzinyoza. Tinagwirizana pa lachitatu, la ziganizo zitatu zokha: chimene anaona, chimene sananene, ndi chimene achita kuyambira pamenepo. Nkhani ya ngolo anaisunga kuti adzaikambe akadzafunsidwa za nthawi imene anatsutsana ndi wamkulu.

Ena m'mudzi amati kubwerera kumene unakanidwa n'kusowa manyazi. Achimwene amayankha ndi za ntchito yawo. Amati woyendetsa ndege amene wabwerera m'mwamba poona kuti sanakhazikike salembedwa kuti walephera. Wolephera ndi amene amakakamiza kutera chifukwa choopa kuti anthu amuona akuzungulira. Chofunika n'chakuti pozungulirapo ukonze chimene chinalakwika, apo ayi udzabwera ndi liwiro lomwe lija.

Kwa ine, amene ndikuphunzira za zinenero, nkhaniyi yandisiyira funso limene ndikufuna anzanga tiliganizire. M'makalasi athu timanyadira ulemu wa Chichewa, ndipo n'koyenera. Koma kodi timawaphunzitsa ana athu mawu onenera wamkulu kuti waphonya? Namwino amene waona dokotala akulemba mankhwala olakwika, kondakitala amene waona dalaivala akusinza pa chitsikirero cha Thabwa, kalaliki amene waona bwana akusayina zosayenera, onsewa akhala pa mpando wa kumanja. Chinenero chathu sichiwaletsa kulankhula. "Ababa, imani" ndi Chichewa chabwino, chaulemu wake wonse, ndipo chili ndi mawu awiri okha.

Kampani ija inayankha, ndipo yawaitananso. Ananyamuka Lolemba lapitali. Ulendo uno amayi sanaphe nkhuku, ndipo sitinauze anthu ambiri. Bambo anawaperekeza okha pa njinga mpaka pa msewu wa tala, pamene anakwera minibasi ya ku Blantyre kuti akakwere ndege ku Chileka. Atabwerako ndinawafunsa bambo chimene anawauza potsazikana. Anati, "Ndamuuza kuti akakamuikanso pafupi ndi mkulu wa imvi uja, akam'patse moni bwinobwino, ndipo akaona madzi afiira akagwire chingwe."

Yankho akuti lidzabwera pakatha milungu iwiri. Foni yanga ndikugona nayo kumutu.